Nambala Yolembedwa pa Phaso

Chilimwe chikafika pachimake, mitengo ya m'mbali mwa msewu imayamba kuphukira isanalawe ndi dontho lomwe. Nyenje zimalira kuyambira m'mawa. Fumbi limakhala paliponse, pamasamba, pamawindo, pamilomo ya anthu. Iyi ndi nyengo imene aliyense amakumbukira denga lake. Uja anatchera beseni pakati pa chipinda dzinja lonse latha, n'kumalumbira kuti akonza mvula ikangokata, amadzidzimuka akaona mtambo woyamba utakhala kuseri kwa nyumba.

Kwa a Malata, nyengo imeneyi ndiyo inali masika. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo ndi chitupa chawo basi. Wina aliyense ankangoti a Malata, chifukwa ntchito yawo inali yokhoma ndi kukonza madenga. Anakulira kumudzi, kumene anaphunzira kufolera ali mnyamata, akuponyera bambo awo mitolo ya udzu. Atabwera m'tauni anapeza kuti udzu kulibe, koma mvula ndi yomweyo. Anaphunzira hamala ndi misomali, anaphunzira kuyenda pamzere wa misomali kuti lata lisapindike, anaphunziranso kukwera dzuwa lisanakwiye, chifukwa pofika masana denga limasanduka chiwaya. Tsopano imvi zinali zitadzaza mutu. Zala zawo zinali zokakala, zodzaza zipsera za malata, ndipo potsika makwerero bondo lakumanzere linkayamba lakambirana nawo.

Chikwangwani analibe. Ankati munthu denga likamudonthera sayang'ana khoma la kumsewu, amayang'ana kumwamba. Choncho nyumba iliyonse imene agwirapo ntchito, asanatsike ankatulutsa pensulo yawo yaikulu n'kulemba nambala ya foni pa phaso, mkati mwa nyumba, chakufupi ndi pamene pamalendewera babu. Eni nyumba ankagulitsa, alendi ankasamuka, ena n'kulowa, koma nambala inkatsala pomwepo. Madzi akayamba kugwera pabedi, munthu ankakweza maso n'kuipeza ikumudikira. Ambiri mwa anthu amene ankawaimbira anali asanawaonepo.

Ngakhale m'foni mwawo simunali mayina a anthu. Munali madenga. Denga Lofiira Pamlatho. Denga la Agalu Awiri. Salipira Msanga. Foni ikalira ankadziwiratu kutalika kwa makwerero oti anyamule.

Foniyo inali mphatso ya mkamwini. A Malata anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, ndipo anakwatiwa ndi mwamuna wa muofesi, woyang'anira malonda pa kampani yogulitsa matayala. Chaka choyamba cha banjalo mkamwini anabwera ndi kabokosi.

"Bambo, munthu ngati inu simungamadikire ntchito pakhonde la sitolo ya zitsulo ngati waganyu," anatero. "Iyi ndi ya kontrakiti. Inu muzingoimba, zolipira ndi zanga."

Kontrakitiyo ikatha mkamwini ankaiwonjezera, nthawi zina n'kubweretsa foni ina, koma nambala inali yomweyo. Ndi nambala imeneyo imene inakwera pa mapaso a tauni yonse.

Banjalo linatha m'nyengo yozizira. Mwana wawo anafika m'mawa wina ndi chikwama chimodzi, diso litatupa, dzino lakutsogolo litathyoka pakati. Sikanali koyamba kubwera atamenyedwa, koma kanali koyamba kubwera ndi chikwama. Mkamwini anamulondola. Ulendo woyamba anaimba hutala pageti mpaka anthu anatuluka m'nyumba. Ulendo wachiwiri anathyola loko. Zitatero mwanayo anasamukira kutsidya lina la tauni, anapeza kachipinda kalendi ndi ntchito yosoka mayunifolomu, nasintha nambala. Odziwa kumene ali anali makolo ake okha. A Malata anapitako kamodzi, mozungulira, anayang'ana kumwamba monga mwa chizolowezi chawo, ndipo nambala yatsopano ya mwana wawo anaisunga ndi dzina loti Malata Owola Kuchipinda.

Foni yawo sinadulidwe. Mwezi ndi mwezi inkagwirabe ntchito, iwo osafunsa chifukwa chake. Kenako, kutentha kutangoyamba, kunabwera uthenga woti kontrakiti itha kumapeto kwa mwezi.

Kushopu ya kampani ya mafoni kunali kozizira ngati m'firiji. A Malata anavula chipewa, anadikira pamzere, ndipo atafika pakauntala anapeza mtsikana wa zikhadabo zazitali zopaka utoto. Anamuonetsa uthengawo. Mtsikanayo anagogoda pakompyuta.

"Adadi, laini iyi si yanu."

"Ndi yanga, mwana wanga. Imbani muone ngati siilira m'thumba mwangamu."

"Kulira ilira, koma dzina ndi la munthu wina. Njira zilipo. Mutha kutenga kontrakiti yanuyanu, foni yatsopano, muzilipira pamwezi. Mumagwira kuti? Tifuna kalata ya abwana anu ndi mapepala a kubanki."

"Abwana anga ndi mvula."

Mtsikanayo anaseka, kenako anaona kuti iwo sakuseka. "Ndiye kontrakiti iwalani. Ndipo kunena zoona, adadi, kwa munthu amene ndalama zimabwera ndi nyengo, kontrakiti ndi goli. Mwezi umene simunapeze, ngongole ikukula. Bola laini yongothira mayunitsi. Muli nazo mwathira, mulibe mwakhala, koma anthu akukuimbiranibe."

"Imeneyo ndiyo yanga. Koma nambala ikhale yomweyi."

"Zotheka. Mwini laini asaine pepala ili kuti wakupatsani, abweretse ndi chitupa chake kapena atumize chithunzi chake. Akapanda kusaina, nambala ndi yake. Atha kuisunga, atha kuitaya."

"Popanda iyeyo sizingatheke?"

"Olo mutabwera ndi abusa. Ndi ndani wanu?"

A Malata anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba la malaya. "Mkamwini," anatero.

"Aa, ndiye zaphweka," anatero mtsikanayo. "Wotsatira!"

Madzulo anapeza akazi awo akuanula zovala. Zinali zitauma gwa ngati zikopa. Anawafotokozera zonse ali chiimire pakati pa zingwe.

"Ndinanena ine," anatero mayiwo. "Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka."

"Munanena liti? Si inu munavina tsiku lija mpaka chitenje kumasuka?"

"Ndinavina ndi miyendo, mumtima ndinanena." Anapinda malaya n'kuwaika m'beseni. "Ndiye mutani, abambo? Mvula ili pakhomo. Tikaphonya nyengo ino tidya chiyani chaka chonse? Mankhwala anga a shuga tigula ndi chiyani?"

"Ndikupita mawa."

"Pitani. Kupempha si kuba. Koma pakamwa mukagwire. Mukangoti sainani, zikomo, tsalani bwino."

Kampani ya matayala inali m'shedi yaikulu. Matayala anaunjikidwa mizeremizere mpaka pafupi ndi denga, ndipo fungo la labala wotentha linkakhala pakhosi. A Malata anakweza maso asanaganize, anaona timabowo ta misomali tikulowetsa dzuwa, n'kuwatsitsanso. Pakona panali kaofesi kagalasi. Mkamwini anawaona ali kutali, anaimirira, anatuluka atatambasula manja.

"Apongozi! Mwatitaya chonchi? Lowani, lowani, kunjaku kupsa munthu. Iwe, thamanga ukatenge chozizira, abwera bambo anga."

Anawakokera mpando. Anali atanenepa pang'ono, malaya ositidwa bwino, tayi atamasula. Anafunsa za amayi, za shuga wawo, za bondo. A Malata anayankha mwachidule, anatulutsa pepala lija, analiwongola ndi chikhatho patebulo, n'kuika foni pambali pake.

Mkamwini anawerenga mpaka pansi. "Iyi ndiye nkhani yaing'ono, bambo. Mpaka kuvutika kubwera nokha? Ine ndimati ndingowonjezera ngati kale." Anatenga cholembera n'kuchivula chivindikiro. Chala chake chapakati chinali ndi mphete yaikulu ya mutu wa makona anayi. A Malata anaiyang'ana mpheteyo, kenako anayang'ana khoma.

"Nanga akazi anga ali bwanji?"

"Mwana wanga ali bwino."

"Ali kuti masiku ano?"

"Ali bwino."

Mkamwini anamwetulira, anaika cholembera pansi. "Bambo, ine ndi inu sitinayambanepo. Zaka zonsezi, munamvapo kuti foni yadulidwa? Ngakhale zitachitika zimene zinachitikazo, ndinati ayi, mkuluyu alibe mlandu, asavutike. Ine ndinasintha. Mowa ndinasiya, funsani anyamata awa. Ndikungofuna ndikamuone, ndigwade, ndipepese. Akakana wakana."

"Zimenezo ndi za iyeyo. Ine ndabwerera pepala."

"N'chimodzimodzi, bambo. Inu mukufuna nambala, ine ndikufuna khomo. Galimoto ili panjapo. Tipite limodzi, mukangondilozera, ndisainira pomwepo, pabonetipo."

Pamenepo foni inalira patebulo. Inanjenjemera n'kuyamba kutsetsereka pagalasi, ndipo pa sikirini yake yong'aluka panaoneka mawu akuti Malata Owola Kuchipinda. Mkamwini anaitola, anawerenga, anaseka.

"Inu ndi mayina anuwa! Yankhani, bambo, ndi kasitomala. Ndalama imeneyo."

"Aimbanso."

"Ndikuyankhireni? Ndinene kuti abwana ali pamsonkhano?"

"Isiyeni."

Inalira m'dzanja la mkamwini mpaka inatopa. Chala chake chachikulu chinali pamwamba pa sikirini nthawi yonseyo. Itasiya anaibweza patebulo, ndipo a Malata anaitenga msanga n'kuiika m'thumba pamodzi ndi pepala losasainidwa. Botolo la chozizira anali asanalikhudze.

"Kaganizeni," anatero mkamwini akuwaperekeza. "Mwezi usanathe. Ukatha, foni ndi laini mubweze, ndi katundu wa dzina langa. Koma sitifika pamenepo, ndife banja. Mupereke moni kwa amayi."

A Malata anayenda osacheuka mpaka anadutsa misewu iwiri. Kenako anacheuka, anaona kuti palibe akuwatsata, anakhala pamuzu wa mtengo kuseri kwa malo ochapira magalimoto n'kuimba.

"Ababa, mwapita kale?" anafunsa mwana wawo. Kumbuyo kwake kunkamveka makina osokera. "Amayi andiuza zonse."

"Amayi akowo pakamwa pawo ndi denga lopanda misomali."

"Ndimafuna ndikuuzeni musanafike. Ndikumudziwa. Wapempha kuti mumulozere kuno, eti?"

A Malata anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Mulozereni, ababa. Asaine. Ine ndikhala nditalongedza kale, mawa lake ndisamuka."

"Usamukira kuti? Nanga ntchitoyo?"

"Ndikapeza ina. Makina ali ponseponse. Inu nambala imeneyo ndiyo munda wanu."

Polankhula, mpweya unkatuluka pa dzino lothyoka lija, ndipo mawu ena ankamveka ngati kamluzu. A Malata anamvetsera kamluzuko.

"Beseni lalikulu uli nalo?" anafunsa. "Pamwamba pa bedi pako paja sipapirira mvula yoyamba. Usunthire bedi kukhoma la kuwindo."

"Ababa, ine ndikunena za nambala."

"Ndamva, mayi. Bwerera ku makina, angakudule malipiro."

Masiku otsalawo foni inalira kuposa kale lonse. Mitambo inkasonkhana masana n'kubalalika madzulo, ndipo anthu anagwidwa ndi mantha. A Malata ankatuluka kusanache bwino, makwerero paphewa, n'kubwerera kutada. Nthawi zina foni inkalira ali pamwamba, misomali ili pakamwa, ndipo ankaima n'kuimvetsera. Ntchito zimene akanatha anazigwira. Zambiri zinali zoti adzabwere mvula ikayamba, pamene bowo limadzionetsa lokha. Anthu oterowo a Malata ankawauza kuti nambala isintha, anthuwo n'kuyankha kuti chabwino, tiimba, koma a Malata ankadziwa kuti adzaimba nambala ya pa phaso yomweyo.

Akazi awo anayesa nzeru zina. "Bwanji mukamulozere nyumba ina? Iliyonse. Akasaina muthawe."

"Ndithawe ndi bondo ili? Ndipo akagogoda kaye, si chitsiru."

"Nanga mwanayo si wanena yekha kuti asamuka?"

"Wanena."

"Ndiye?"

"Mukufuna akaime pakhomo pake, ine nditamutengera?"

"Ndimangofunsa," anatero mayiwo. Analowa m'nyumba, ndipo anabwerako ndi kansalu komanga mfundo mmene ankasungira ndalama za mankhwala, kuti akagulire foni ina. A Malata anakana. Anati za foni apeza okha.

Tsiku lomaliza la mwezi anabwerera kushopu ija. Mtsikana wa zikhadabo anawakumbukira.

"Adadi a mvula! Asaina akamwini?"

"Ndipatseni laini yatsopano. Ndi foni yotchipa."

Mtsikanayo anawayang'ana, sanafunsenso. Anatulutsa mafoni angapo n'kuwayala pakauntala. Anayamba ndi yaikulu ya sikirini, yolipira pang'onopang'ono. "Iyi makasitomala atha kumakutumizirani zithunzi za denga musanapite. Koma mukalumpha kulipira imadzitseka yokha."

"Ya kudzitseka ayi. Ndatopa ndi foni ya eni ake."

Anatola ina yaing'ono ya mabatani. Anaitembenuza, anaiyesa kulemera, anadina mabataniwo ndi chala chachikulu. Mabatani anali ang'onoang'ono, chala chinkadina awiri nthawi imodzi. Anaibweza n'kutenga ina yonenepa, yakuda, yooneka ngati sopo wochapira.

"Iyi ndi ya agogo," anatero mtsikanayo.

"Ndine ndani ine? Ilizeni."

Anailiza. Mlonda wa pakhomo anatembenuka, ndipo mwana amene anali kumbuyo kwa mayi wina pamzere anayamba kulira.

"Imeneyi ndiimva ngakhale ndikukhoma. Batire?"

"Mutchaja Lamulungu, mudzakumbukiranso Lamulungu linalo. Ili ndi tochi. Ikagwa imangomasuka, mumatolera n'kubwezera."

"Madzi?"

"Madzi ndiye ayi, adadi. Pa mtengo umenewu musapemphe zambiri. Muziikulunga m'pulasitiki."

Anakambirana za mayunitsi. Mtsikanayo anati mabandulo a intaneti asawayang'ane n'komwe, pa foni imeneyo alibe ntchito. Anati pali bandulo ya mphindi zoimbira ya mwezi wathunthu, yotsika mtengo ukawerengera bwino, ndi ina ya sabata, yaing'ono. A Malata anasankha ya sabata, chifukwa ndi imene thumba linavomera. Anapereka chitupa chawo, anajambulidwa nkhope, ndipo kwa nthawi yoyamba laini inalembedwa m'dzina lawo. Mtsikanayo anakopera madenga onse kuchoka m'foni yakale kupita m'yatsopano.

"Tsopano yakaleyi mufufute zonse," anatero a Malata. "Manambala, mauthenga, amene ndinaimbira, amene anandiimbira. Isatsale ndi kanthu."

"Zithunzi zomwe? Muli zithunzi za ukwati umu."

"Zonse."

Mtsikanayo anadina ndi nsonga ya chikhadabo. Foni inazima, inayakanso ili mbee ngati yatsopano. A Malata anamupempha kuti ayang'anenso kawiri. Atakhutira anaikulunga m'pepala losasainidwa lija, anapita ku kampani ya matayala, anaipereka kwa mlonda wa pageti kuti akapatse abwana, n'kubwerera osalowa.

Mvula yoyamba inagwa patangopita masiku ochepa, masana, ndi mphepo. Fungo la dothi linadzaza m'nyumba. A Malata anakhala pakhonde, foni yatsopano ili pabondo, akumvetsera mmene madzi akumenyera madenga a anthu. Ankadziwa kuti nthawi yomweyo, m'nyumba zambirimbiri, anthu akukokera mabedi pakona, akukweza maso, akuwerenga pa phaso. Foni inalira kamodzi. Anali mwana wawo, kunena kuti bedi anasuntha ndipo beseni ladzaza theka.

Anayamba kuimbira madenga amene anali m'foni. Ena manambala anali atafa. Ena anayankha ndi anthu achilendo. Ena anati anasamuka kalekale m'nyumba imeneyo. Ochepa anati alemba nambala yatsopanoyo. Mphindi za sabata zinatha tsiku lachiwiri.

Zitatero ananyamula makwerero n'kuyamba kuyenda. Misewu inali matope, ngalande zitadzaza mapepala ndi mabotolo, udzu wanthete ukutuluka m'mbali mwa mipanda. Nyumba zawo ankazizindikira ali patali, chifukwa mzere wa misomali yawo sunkakhota. Ankagogoda pageti n'kupempha kuti alowe akonze nambala pa phaso. Kwina anawalola. Kwina wantchito ankayankhira kuseri kwa geti kuti abwana kulibe, ndipo munthu wachilendo wa makwerero salowa. Kwina anapeza anaika siling'i. Kwina anapeza anyamata awiri ali kale pamwamba, akuyenda pakati pa lata ngati akuyenda pabwalo. Tauni imene ankaidutsa ndi foni imodzi inakula mwadzidzidzi, ndipo bondo linkatupa pofika masana.

Tsiku lina kutacha ndi mitambo yolemera, anafika pa nyumba ya denga lobiriwira imene anaikhoma zaka zapitazo. Mwini wake anali mayi wamasiye, mphunzitsi wopuma. Anamupeza akusesa masamba onyowa pakhonde. Mayiyo atakweza mutu, tsache linagwa.

"Mayo ine! A Malata!"

"Ndine, mayi. Mwadzuka bwanji?"

Mayiyo anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda chitseko. Anawayang'ana kumapazi, kenako kumaso. "Ndinudi? Tayankhulaninso."

"Ndine ndithu. Kwagwanji?"

"Inu si munamwalira?"

A Malata anatsitsa makwerero paphewa n'kuwatsamiritsa kumpanda.

"Ndinaimba ine, tsiku la mvula ya mphepo lija," anatero mayiyo. "Nambala yanu ija ya pamwamba. Anayankha bambo wina waulemu wake, mawu ofatsa. Anati pepani mayi, mkuluyo anatisiya, anagwa padenga, tinaika sabata yatha. Anati ndine mkamwini wawo. Mpaka ndinamupepesa! Ndinalira ine, a Malata. Ndinauza msewu wonse uno. Kutchalitchi tinakupemphererani, ndipo ena anati nawonso anaimba, anamva zomwezo."

"Ndikadalipo, mayi."

"Ndiye munthu anganame bodza lotero chifukwa chiyani? Munalakwirana chiyani?"

"Za m'banja."

Mayiyo anatola tsache, analiyang'ana, analiikanso pansi. Anayamba kuseka, misozi ili m'maso. "Ndiye ndikauza bwanji anthu? Kuti maliro aja abwera ndi makwerero?"

"Muwauze kuti akufuna ntchito."

Kuseka kunatha. "Aa, bambo anga. Mukanabwera dzana. Ndinaitana anyamata ena, akhoma kale kuchipinda, ndalama ndinapereka yonse. Ntchito yake ndiye Mulungu adziwa, koma ndinapereka." Anayang'ana uku ndi uku ngati wofuna chopatsa mlendo. "Chatsala ndi ngalande ya padengayi. Anati zimenezo si ntchito yawo. Yadzaza masamba, madzi akungosefukira pakhoma. Koma imeneyo ndi ntchito ya ana, sindingakutumeni inu. Ndipo ndilibe choti ndingakupatseni, mwina ya sopo chabe."

"Muli ndi ndowa?"

"Ilipo."

"Mudzaze madzi. Mundipatsenso waya, ngati ulipo."

Kumadzulo kunagunda bingu, lakutali. A Malata anatulutsa foni, anaikulunga bwino m'kapulasitiki, anaibwezera m'thumba n'kumanga batani. Anaimika makwerero pakona ya nyumba, anawagwedeza kuti miyendo ikhazikike m'dothi lofewa, n'kukwera, mwendo wamanja patsogolo, wamanzere ukutsatira.

Ngalandeyo inali yodzaza mpaka m'milomo. Masamba anali atawola n'kusanduka matope akuda, ndipo mwina munali mutamera kale timbewu. Anayamba kukokolola ndi manja, kuponya pansi, kutsika, kusuntha makwerero, kukweranso. Anatulutsa chisa chakale cha mbalame, mpira wa ana wophwa, ndi chidutswa cha lata chimene anyamata aja anasiya. Pamene chitsulo chogwira ngalande chinali chitamasuka, anachotsa msomali wopindika n'kukhoma wina. Atafika pakamwa pa paipi yotsitsa madzi, analowetsa waya, anapotoza, anakoka, analowetsanso, mpaka chinthu china chinagwa mkati ndi phokoso.

Madontho oyamba anayamba kugunda malata, amodziamodzi, akuluakulu. Mayiyo anawapatsira ndowa atanyamula ndi manja awiri. A Malata anaikweza, anapita nayo kumapeto kwa ngalande n'kukhuthula. Madzi anayenda m'ngalande monse osasefukira, analowa m'paipi, anatulukira pansi akuda, kenako oyera. Anatsika, anatsuka manja pa madzi otsalawo, anakoka makwerero n'kuwagoneka pansi pa khonde.